A mafizo obwera kunyumba mukasinthidwa bondo: nyenyezi 4 pa 5

Nyenyezi 4 pa 5 ndi zomwe ndikuwapatsa a kampani ya mafizo amene amabwera kunyumba kwanga nditapangidwa opareshoni yosintha bondo lakumanja, ndipo imodzi ndachotsayo sindinangoichotsa mwankhanza ayi, chifukwa chake ndichinena kumunsiku. Dzina la kampaniyo sinditchula, koma ngati mukuganiza zoitana a fizo kuti azikupezani pakhomo mmalo momadzikoka kupita kuchipatala ndi mwendo wotupa, zomwe ndikulembazi ndi zoti muzikafunsa kulikonse mungapite.

Kwa amene simunapangidwe, opareshoni yake imayenda chonchi. Bondo likatha ndi nyamakazi mpaka mafupa kumangokhulana okhaokha ngati mmene linalili langa, adokotala amapala mapeto a fupa la ntchafu ndi la kumunsi kwa bondo nkuvekapo zitsulo, nthawi zambiri za cobalt-chromium ndi titanium, pakati amaikapo pulasitiki yolimba kuti zizitsetsereka bwino, ndipo kawirikawiri amamata ndi simenti ya mafupa. Ntchito yonseyi imatha pa ola limodzi kapena awiri, ndipo tsiku lomwelo kapena mawa lake amakuimitsa kale kuti uyende ndi fulemu ija ya miyendo inayi. Ukatuluka mchipatala ndi pomwe umazindikira kuti adokotala agwira gawo lawo basi, zotsalazo ndi miyezi ya thukuta, nde apa ndi pomwe ndalama ya mafizo imaoneka ngati yagwira ntchito kapena yangolowa mmadzi.

Chomwe ndinawakondera kuposa zonse anthuwa ndi nkhani ya kuwongola mwendo. Aliyense wobwera kudzakuzonda funso lake ndi limodzi, "likupindika koma?" ndipo iwenso maganizo ako onse amakhala pa kupinda. Mtsikana amene anatumizidwa koyamba atangolowa kuchipinda, chikwama asanatsegule nkomwe, anaona pilo amene akazi anga anandiikira kunsi kwa bondo kuti ndizimvako bwino, anamusolola mwaulemu nkunena kuti "Mayi, pilo asamakhale pansi pa bondo, tiziika pa chidendene apa, bambowa adandaula koma musawamvere chisoni." Anapinda thawulo nkuika pansi pa chidendene kuti bondo lilendewere lokha popanda chochirikiza, eee abale, mphindi zochepa zokha kuseri kwa bondo kunkachita ngati kukung'ambika, ine thukuta kamukamu iye ali phee kuyang'ana wotchi. Anandifotokozera kuti bondo likachira lili lopindika olo madigiri 5 kapena 10 okha, mwendo sukhoma ukaimirira, ntchafu imagwira ntchito nthawi yonse nde imatopa msanga, umayenda motsimphina ndipo mapeto ake chiuno ndi msana zimayamba kudandaula nazo. Kupinda kumapitirira kubwera pang'onopang'ono, koma kuwongola kukatayika masabata oyambirira kumavuta kwambiri kukubweza. Ndakumana ndi anthu ena opangidwa opareshoni yomweyi amene bondo amapinda bwino kuposa ine koma mayendedwe awo akadali a munthu wovulala, nde ndimadziwa kuti mtsikanayo sankangondizunza.

China, ankayeza. Ulendo uliwonse ankatulutsa kachida ka pulasitiki ka timikono tiwiri koyezera madigiri, kuika pambali pa bondo, kuwerenga nambala mokweza nkuilemba mukope lomwe linkakhala kunyumba kwanga komweko. Zimenezi zimathandiza mutu kwambiri chifukwa ululu umakunamiza kuti palibe chikusintha pomwe pepala likuonetsa kuti wasuntha. Anandiuzanso tanthauzo la manambalawo, kuti kuwongola tikufuna 0, kuyenda pamalo osalala pamafunika madigiri cha mma 65, kudzuka pampando ndi kutsika masitepe cha mma 90 kupita mtsogolo, ndipo ambiri amalimbikira kufika 110 mpaka 120 kuti moyo uziyenda popanda kuganizira bondo. Sanandibisire kuti ukakakamira pansi pa 90 miyezi itatu yoyambirira ikutha, adokotala akhoza kukugonetsanso ndi mankhwala nkulipinda mokakamiza kuti zipsera zamkati zimasuke. Nditamva zimenezo masewero aja otsetsereketsa chidendene pabedi ndinkachita osadikira kukumbutsidwa kkkk.

Ntchafu nayo imagona pambuyo pa opareshoni, ichi anthu sanena. Umauza mwendo kuti dzuka, uli chigonere ngati chipika, osati chifukwa cha ululu wokha koma kutupa kwa mu bondo kumachititsa kuti minofu ya kutsogolo kwa ntchafu isamve zomwe ubongo ukulamula. Iye ankaika dzanja lake pansi pa bondo langa nkumati "kanikizani dzanja langali bambo, kanikizani, gwirani pomwepo," kuwerenga mpaka 5, kusiya, kuyambiranso, mpaka tsiku lina mwendo unanyamuka wowongoka pabedi popanda wondithandiza. Fulemu sanandilole kuisiya mpaka zimenezi zitatheka, amati bondo likhoza kufooka mwadzidzidzi ntchafu isanadzuke ndipo kugwa ndi bondo latsopano ndi nkhani ina.

Pa zing'onozing'ono analinso bwino. Ankaimba foni asananyamuke kuti ndimwe mapilisi a ululu patatsala theka la ola kapena kuposerapo, chifukwa mafizo ochita mano ali gwa sapindula kanthu, thupi limangolimbana nawe. Tikamaliza, ayisi wokulunga mu thawulo mphindi 15 mpaka 20, osaika pakhungu mwachindunji, mwendo uli mmwamba kuposa mtima. Anandichenjezanso kuti mapilisi amphamvu aja amadzimbitsa, ndimwe madzi ambiri ndipo ndiwauze adokotala msanga, nkhani yochititsa manyazi koma amene munamwapo mukudziwa kuti imatha kukusowetsa mtendere kuposa bondo lenilenilo.

Pomwe ndinawapatsa ulemu weniweni ndi pa nkhani ya magazi kuundana. Pambuyo pa opareshoni ngati iyi magazi amatha kuundana mu mtsempha wa mwendo ndipo kachibuma kake kakathothoka nkukafika kumapapo munthu akhoza kufa, ndichifukwa chake amakupatsa mankhwala osungunula magazi, masokosi othina aja, nkumakuuza kuti uzigwedeza phazi mmwamba ndi pansi kawirikawiri olo uli chigonere. Anthuwa asanayambe chilichonse ankagwira katumba wa mwendo, kuona bala ngati lafiira kapena likuchucha, kufunsa ngati thupi latentha. Tsiku lina katumba anali wotupa kuposa masiku onse komanso wotentha, akazi anga anapempha kuti angonditikitako pang'ono, fizoyo anakana kwamtuwagalu, anati "Ayi mayi, apa sititikita ndipo lero mafizo kulibe, apite akaunikidwe pompano, akayamba kubanika kapena kumva kupweteka pachifuwa musadikire chilichonse." Kuchipatala anandiunika nkupeza kuti kunali kutupa wamba. Tsikulo sanatilipiritse. Wina akanangochita masewero ake kuti ulendo uwerengedwe.

Za moyo wa tsiku ndi tsiku sanangozinena pakamwa, tinazichita limodzi mnyumba momwemo, ndipo uwu ndi ubwino womwe kuchipatala sungaupeze chifukwa kumeneko samaona mpando wako kapena bafa yako. Anazungulira nyumba yonse, timakapeti totererera anati tichotse, mpando wanga wofewa uja ndimaukonda anauletsa chifukwa ndi wotsika kwambiri, anasankha wolimba wokhala ndi mogwira manja. Ku toileti anati tigule chokwezera mpando, ndipo pa zinthu zonse ndinagula nthawi imeneyo chimenechi ndi chomwe sindinong'oneza nacho bondo, kuseka kwake pomwepo. Masitepe, pokwera kumayamba mwendo wabwino, potsika kumayamba wopangidwa opareshoni. Ndodo umagwira ndi dzanja la mbali yabwino osati la mbali yodwala, ambiri amasemphanitsa apa. Kulowa mgalimoto, mpando kuukankhira kumbuyo kwenikweni, kukhala kaye chafutambuyo kenako nkulowetsa miyendo. Zoyendetsa galimoto anati zimenezo alamula adokotala, ambiri zimakhala pakadutsa masabata 4 mpaka 6, ndipo poti langa ndi lakumanja ndiyenera kukhala nditasiya mapilisi ogonetsa aja komanso ndikutha kuponda buleki mwamphamvu osaganiza kawiri.

Tsopano nyenyezi ndachotsa ija. Polembetsa anatilonjeza fizo mmodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma patangopita kanthawi anayamba kumatisinthira anthu osatiuza, umangoona nkhope yachilendo pakhomo, nde uyambirenso kufotokoza mbiri yonse pomwe kope lili pomwepo akanatha kungowerenga. Mmodzi mwa osinthawo, mnyamata wamphamvu zake, ankaganiza kuti ukalira ndiye kuti ntchito ikugwirika, anakankha bondo mpaka linatupa usiku wonse ndipo mawa lake nambala inatsika mmalo mokwera. Ululu wa mafizo ulipo ndithu ndipo suthawika, koma pali kukoka komwe kumatha ukapuma ndi kuvulaza komwe kumakubweza mmbuyo, fizo wodziwa ntchito amasiyanitsa. Yemweyo foni siinkachoka mmanja, ine ndikuwerenga ndekha iye akuyankha mameseji. Titadandaula ku ofesi yawo sanabwerenso, pamenepo ndiwayamikire, koma kupepesa kwake kunali kwa pakamwa chabe. Nthawi nayo sankasunga bwino, ndipo izi sizachibwana mukakumbukira zamapilisi zija, wamwa nthawi yake iwo nkufika mphamvu ya mankhwala ikutha.

Chinandinyansa china ndi a ku ofesi kulimbikira kuti tibwereke makina aja amene amakupindira mwendo okha iwe uli gone, amati CPM. Amaoneka apamwamba ndipo ukakhala pa ululu chilichonse cholonjeza kukugwirira ntchito umachifuna. Koma a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zachipatala, atasonkhanitsa kafukufuku wa makinawa mu 2014 anapeza kuti phindu lake pa kupinda bondo ndi lochepa kwambiri moti munthu sangalizindikire pa moyo wake, ndipo mtsikana woyamba uja nditamufunsa anangomwetulira nkunena kuti "bambo, chidendene chanu ndi thawulo zikukwanira." Nde kampani imodzi, wogwira ntchito akukuuza zoona, a malonda akukukankhira katundu. Pepala la masewero lomwe anatisiyira nalonso linali lofotokopedwa mpaka zithunzi kufufutika, bola tinajambula vidiyo pafoni iye akuonetsa, imeneyo ndi yomwe inatithandiza masiku omwe sankabwera, omwe ndi ambiri kuposa omwe ankabwera.

Pali zina ndikanakonda akanandiuza poyamba osati kudikira kuti ndifunse ndili ndi mantha. Tulo timasowa masabata ambiri, masana umakhala bwinobwino koma usiku bondo limayamba kugunda ndipo malo ogonera sapezeka. Kunja kwa chipsera kuli kachigawo ka dzanzi, ukakhudza umamva ngati khungu si lako, ndi timitsempha ta pakhungu tomwe timadulidwa pong'amba ndipo kwa ena dzanzilo silitheratu. Poyenda bondo limalira kuti khe khe, chitsulo ndi pulasitiki zikugundana, ngati sizikupweteka si vuto. Limakhalanso lofunda komanso lotupako miyezi yambiri, kuchira kwenikweni kumatha kutenga chaka. Kafukufuku wosiyanasiyana amaonetsa kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu aliwonse sakhutira kwenikweni ndi bondo lake latsopano, nde kunena zinthu ngati izi poyera kumathandiza kuti munthu asayembekezere bondo la mnyamata wa zaka 20. Kumbali ina, mu 2019 magazini ya zachipatala ya The Lancet inatulutsa zoti mawondo 82 mwa 100 aliwonse oikidwa chonchi amafika zaka 25 asanafunike kusinthidwanso, nde ine ndinaona kuti chinthu choti ndikhala nacho nthawi yaitali chonchi kuvutikira miyezi itatu yoyamba si kuluza.

Kodi mafizo a kunyumba ndi okwanira okha? Kwa ine ayi. Masabata oyambirira alibe mnzake chifukwa kungokwera galimoto kokha ndi ntchito, koma ukayamba kuyenda ndi ndodo zipangizo za mchikwama zimachepa, pamafunika njinga yopalasa pamalo amodzi ndi zolemera zenizeni. Mtsikana uja ananena yekha kuti nthawi yakwana yoti ndizipita kumalo kuli zipangizo, pomwe akanatha kungokhala chete ndalama zizilowabe. Panjinga poyamba supalasa kuzungulira, umangokankha kutsogolo ndi kumbuyo mpando uli mmwamba, mpaka tsiku lina phazi limangodutsa lokha pamwamba paja nkuzungulira, ambiri zimayamba kutheka chakumbuyo kaye. Zothamanga ndi kudumpha anandiletsa, kuyenda, kusambira ndi njinga anati ndichite mmene ndingathere.

Ngati mukuwaitana a mtundu umenewu, nkhani ya fizo mmodzi ilembedwe papepala musanalipire, ndipo funsani ngati maulendo olipiriratu amatha mphamvu pakadutsa nthawi chifukwa ife ena anatsala pang'ono kutipsera mmanja sanatiuze. Panopa masitepe ndikukwera mosinthanitsa miyendo, potsika ndimagwirabe chitsulo cha mmbali. Kugwada ndi komwe kukadali kovuta, adokotala akuti sikuononga chitsulo ndipo ndiziyeserera pa pilo wofewa, koma mmene chimamvekera chipsera chikakhudza pansi, aaa, ndimangofika theka nkudzuka.