Opaleshoni ya khansa ya m'matumbo pa chipatala china cha pulaiveti ku Blantyre, ndikupereka 3 pa 5

Anthu akhala akundifunsa kuti adadi tinawapititsa kuti ndiye ndingolemba pano kamodzi. Dzina sinditchula, ndi cha pulaiveti mu Blantyre momwemu.

Adadi anawapeza ndi khansa ya m'matumbo aakulu, siteji 3, kutanthauza kuti inali itafika kale mu ma lymph node, anabele a pafupi ndi matumbowo. Dokotala wa opaleshoni sindinganame, bambo aja ntchito amaidziwa. Anatikhazika pansi nkujambula matumbo pa pepala, apa tidula, apa tilumikiza, mpaka anatiuziratu kuti nthawi zina polumikizapo pamachucha ndipo zimakonda kuonekera cha pa tsiku la 5 mpaka la 7. Ine kumangogwedeza mutu osadziwa kuti akunena za ifeyo.

Opaleshoni inali Lolemba ndiye werengani nokha tsiku la 5 likugwa liti. Loweruka madzulo thupi linatentha, mtima ukugunda ngati athamanga, mimba itafufuma gwa ngati ng'oma, munthu woti dzulo lake amaseka ndi adzukulu pa foni. Ndinathamangira kwa nesi wa usiku, iye akuti "achimwene musadandaule, ndi mpweya chabe umenewo, aziyendayenda" nkuwapatsa panado. Lamulungu chimodzimodzi, dokotala wamkulu kulibe ndipo palibe anamuimbira. Atabwera Lolemba m'mawa anangogwira pamimba kamodzi nkhope nkusintha, sikani, magazi, pofika masana adadi ali ku thiyeta kachiwiri. Zam'matumbo zinali zitatayikira m'mimba. Anatuluka ndi stoma, kathumba ka chimbudzi pamimba paja, kenako ICU, kenako bala linachita mafinya.

Bilu inakwera zedi koma chimene chimandiwawa ine ndi nthawi. Pa siteji 3 kemo, mankhwala olimbana ndi khansa aja, imayenera kuyamba pasanathe masabata 6 mpaka 8 chichitireni opaleshoni kuti iphe khansa yotsalira yosaoneka ndi maso, ukapyola apo mwayi wokhala moyo zaka zambiri umayamba kuchepa, komanso kuchucha kwa polumikizaku pakokha kumawonjezera mpata woti khansa ibwererenso pamalo omwewo. Adadi kemo anayamba sabata ya 12 chifukwa anali ataonda, ofooka, oxaliplatin, mankhwala amphamvu a kemoyo, sakanaipirira. Zoti panachucha sindikuloza munthu chala, zimachitika ngakhale kwa akatswiri. Koma masiku awiri a panado aja ayi, ameneawo sindinawameze mpaka pano.

Zabwino zilipo. Mawodi ndi aukhondo, gadiyani amakupatsa pogona osati pansi. Ndipo asisita amene anatiphunzitsa za kathumba, eeh Mulungu awadalitse, anakhala ndi amayi ola lathunthu kuwaonetsa kadulidwe ka bowo kuti likwane ndendende khungu lisapse, osanyansidwa ngakhale pang'ono. Timatumbato tokha ku famase kwawo timatha pafupipafupi, gulanitu tambiri mukatipeza.

Amene mukupita ndi m'bale wanu, funsani musanasayine kuti Loweruka ndi Lamulungu amayendera odwala ndani, ndipo mutenge nambala ya dokotala wa opaleshoniyo. Thupi likatentha, mtima nkumathamanga, mimba nkumapweteka kuposa dzulo, imbani nokha olo pakati pa usiku, akukalipireni bola abwere. Ine nambala ndinali nayo mu foni, ndinachita manyazi.

Adadi pano ali pa saiko ya 4 ya kemo, magazi a CEA, othandiza kuona ngati khansa ikubwerera, akayezetsa mwezi wamawa.