Sitima kapena setilaiti: manambala a mpweya wa m'nyanja titenge ati?

Fanta yokhalitsa padzuwa pa depoti ya Mzuzu ukangoitsegula thovu limasefukira m'manja. Ya mufiriji imangoti psii, mpweya n'kutsala m'botolo. Nyanja zamchere nazo zili choncho: madzi ozizira amasunga kaboni dayokisaidi wambiri, ndipo nyanjazi zimameza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a mpweyawu umene anthufe timatulutsa.

Sitima imayeza zenizeni. Imapopa madzi ili paulendo, makina n'kuwerenga mpweya uli m'madzimo, ndipo zopezekazo amazisonkhanitsa mu SOCAT, nkhokwe ya manambala otere a nyanja za padziko lonse, yomwe inayamba kutuluka mu 2011. Vuto lake, sitima zambiri zimatsata njira za malonda. Kumpoto kwa Atlantic manambala ali mbwee, koma nyanja ya Indian, kumene katundu wathu amadzera pa Beira ndi Nacala, mapu ake ndi mipata yokhayokha.

Setilaiti imafika ponseponse, komatu mpweya wa m'madzi siiuona. Ambiri amaphonya pamenepa. Kamera ya MODIS, yomwe ili pa setilaiti ya NASA yotchedwa Aqua kuyambira 2002, imaona kutentha kwa madzi ndi kubiriwira kwa tindere toyandama. Setilaiti ina, SMOS ya 2009, imayeza mchere. Kompyuta imaphunzitsidwa ndi manambala a sitima aja, kenako imayerekeza malo amene sitima sinadutseko. Kutentha ndiye poyambira, chifukwa madzi akatentha ndi digiri imodzi, mphamvu ya mpweyawo yofuna kutuluka imakwera ndi 4 peresenti. Kukachita mitambo, MODIS ndiye yagona. Amene anadikirapo dzuwa kuno mu Juni kuti zovala ziume akudziwa. Setilaiti ya OCO-2 ya 2014 isakusokonezeni, iyo imayeza mpweya wa mumlengalenga.

Palinso timakina ta Argo tomira mamita 2,000 n'kuvuuka pa masiku 10 alionse. Tina timayeza asidi wa m'madzi, mpweyawo n'kuchita kuwerengetsera.

Ine pa mapu a nyanja yonse ndimatenga za setilaiti, koma ndimayamba ndayang'ana ngati sitima inapitako kumene ndikufunako. Chimene sindingavomere n'kutenga masamu a nyanja zamchere n'kuwamata pa nyanja ya Malawi, ngati mmene mnzanga wina anafunira. Yathuyi si yamchere, ndi yozama pafupifupi mamita 700, ndipo mwera ukaomba madzi apansi amakwera chakumwera, ali ndi mpweya wochokera ku zowola. Ndinamuuza kuti ayambe wabwereka bwato ku Nkhata Bay, akayeze madziwo ndi manja ake.