Märzen, Festbier kapena mowa wa maungu: ndi uti woyenera kulawa m'nyengo yokolola?

Mwezi wa Seputembala ukafika ku Ulaya ndi ku America, masamba akuyamba kuthothoka ndipo kuzizira kukuyandikira, ofulula mowa amatulutsa mitundu imene sipezeka chaka chonse. Mwa mitundu itatu imene imalimbirana ogula, ine ndimaika Märzen patsogolo, ngakhale kuti mowa umenewu unalandidwa malo ndi Festbier kwawo komwe ku Munich, mzinda wa ku Germany.

Märzen unabadwa chifukwa cha lamulo. M'chaka cha 1553, olamulira a ku Bavaria, chigawo chimene kuli Munich, analetsa kufulula mowa kuyambira pa 23 Epulo mpaka pa 29 Seputembala, choncho ofulula ankaphika wambiri m'mwezi wa Malichi n'kuusunga m'zipinda zozizira za pansi pa nthaka kufikira nthawi yokolola. Mukauthira m'tambula umaoneka wofiirira ngati mkuwa, thovu lake ndi lokhuthala, ndipo fungo loyamba kukufikani ndi la chimera cha balere chowambidwa pamoto, lofanana ndi khoko la buledi wongophulidwa kumene. Pakamwa umayamba ndi kutsekemera pang'ono, kenako kuwawa kwa hops, maluwa a chomera amene amathiridwa mu mowa, kumabwera mochedwa n'kutsuka kutsekemerako, moti lilime silitsala lomata. Musauziziritse kwambiri, chifukwa kuzizira kumabisa chimeracho, chomwe ndi chifukwa chenicheni chogulira mowawu.

Festbier ndi umene masiku ano umamwedwa m'matenti a Oktoberfest, chikondwerero cha ku Munich chimene chinayamba mu 1810 pa ukwati wa Kalonga Ludwig wa ku Bavaria ndi Therese. Makampani asanu ndi limodzi okha a mu Munich ndiwo amaloledwa kugulitsa mowa pamenepo: Augustiner, Hacker-Pschorr, Hofbräu, Löwenbräu, Paulaner ndi Spaten. M'zaka za m'ma 1970, Paulaner inayamba kufulula mowa wachikasu wosalemera m'mimba, womwe ndi Festbier, ndipo pofika cha m'ma 1990 unali utafalikira m'matenti onse m'malo mwa Märzen. Mphamvu zake ndi pafupifupi 6 peresenti, zosasiyana kwenikweni ndi za Märzen, koma umatsika mosavuta kukhosi, zomwe n'zomveka pamalo pamene mowa umabwera m'zikho za lita imodzi. Ndi mowa wofululidwa mwaluso, koma unapangidwira khamu la anthu oimba ndi kudya nkhuku yowotcha. Munthu amene wakhala pansi kuti alawe mwachifatse amafika msanga pamapeto pa zimene mowawu ungamupatse.

Chodabwitsa n'chakuti Märzen wofiirira uja wasungidwa kwambiri ndi ofulula a ku America, ndipo Samuel Adams Octoberfest ndi chitsanzo chodziwika. Pogula botolo lolembedwa Oktoberfest, yang'anani mtundu wa mowawo, pakuti dzina limodzi likuphimba zinthu ziwiri zosiyana: Märzen wofiirira ndi Festbier wachikasu.

Mowa wa maungu sindiuyamikira kwambiri. Buffalo Bill's Brewery ya ku Hayward, California, ndiyo inautsitsimutsa m'zaka za m'ma 1980, ndipo lero mashelefu a ku America amadzaza nawo. Dzungu lenilenilo silimveka kwenikweni likawira, kotero chimene mumalawa ndi sinamoni, jinja ndi nutmeg, zokometsera zimene nthawi zambiri zimaphimba chimera. Tambula imodzi yaing'ono pambuyo pa chakudya ndi yokwanira. Ngati mukulawa itatu yonseyi tsiku limodzi, yambani ndi Festbier, mutsatize Märzen, ndipo wa maunguwo ukhale womaliza, chifukwa sinamoni amakhalitsa pa lilime n'kusokoneza kukoma kwa mowa uliwonse wobwera pambuyo pake.