Njanji zopindika za Peco zapirira kutentha kwa ku Salima

Kasitima kanga kachidole ndi ka saizi ija amati OO, mpata wa pakati pa njanji ndi 16.5 mm ndipo kamayendera magetsi a 12V. Ndinakagula pa kaunjika kali ndi njanji zake zakale zachitsulo wamba, ndiye kuno kufupi ndi nyanja dzimbiri silichedwa, sitima imangoti ikafika pakona yaima mpaka uikankhe ndi chala, pena bogi yakumapeto yagwa. Zinanditopetsa ndinangozula zonse.

Alamu anga pobwera kuchokera ku Joni anandigulira njanji za kampani ya Peco, mtundu wotchedwa Streamline code 100, iliyonse kutalika 914 mm, ndipo abale izi ndi zina. Ndi za chitsulo chosakaniza chotchedwa nickel silver, sizichita dzimbiri lofiira lija, zimangoda pang'ono koma magetsi akudutsabe, ukapukuta ndi kansalu konyowetsa sipiriti basi zawala. Chomwe ndakondera kwambiri ndi choti umazipinda wekha mmene ukufunira. Makona akale anali othina, pano ndawatambasula kupitirira 438 mm kuyeza kuchokera pakatikati pa bwalo la konayo kufika panjanji, ndipo mabogi akukhota mofatsa ngati sitima yeniyeni ikuchoka pa Chipoka. Ine ndinakulira pafupi ndi siteshoni ya pano, njanji inafika ku Salima mu 1935, ndiye ndikaona kasitima kakuyenda choncho mtima umakhala pansi ndithu.

Koma kuyala kwake kumafuna kudekha, osapupuluma. Ukapinda, njanji yamkati imatuluka kutalika kuposa yakunja, umayenera kudula ndi kasowo kamano ang'onoang'ono kenako kupala ndi fayilo kuti timajoini, tizitsulo tolumikizira njanji, tilowe bwino, ukasiya kankhwiru kumapeto wilo limakwera pomwepo. Thabwa la pansi anandikonzera a kalipentala ena pa Kamuzu Road, plywood yokhuthala yokhala ndi mitanda kunsi kuti isapindike, tinapakanso mankhwala achiswe.

Pali chimodzi chomwe ndinalakwitsa ndekha. Ndinayala mu June kukuzizira ndipo ndinagundanitsa njanji zonse osasiya kampata. Itafika October, nyumba yamalata yopanda siling'i, masana ena ndinapeza pamalo owongoka patukuka chammbali ngati njoka, chitsulo chafutukuka ndi kutentha chasowa kolowera. Ndinazula mbali imeneyo, kudulako pang'ono, ndipo pano pajoini iliyonse ndimalowetsa khadi la mayunitsi pakati ndisanakhomere. Kuyambira pamenepo sizinabwerezenso.

Ndawonjezeranso mawaya a magetsi malo atatu m'malo modalira amodzi, ndiye liwiro silikutsikanso kumbali yakutali ndi kontirola. Vuto ndi loti ine m'mashopu a kuno sindinaziwonepo, umadikira wina wapaulendo, choncho potuma muuzeni atenge ndi timajoini paketi ziwiri chifukwa timatayika msanga, tanga tingapo tinapita ndi tsache.