Tabuleti ya ana ndi yabwinoko, koma mnyamata wa m'sitolo uja ayi

Tabuletiyi ndaipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ziwiri ndachotsazo ndi chifukwa cha amene anandigulitsa ku Limbe.

Mwana wanga wamwamuna ali Sitandade 2, ndipo adokotala ku Blantyre anati ali ndi vuto lija amati ADHD. Sakhazikika. Mukamupatsa kope, mzere umodzi usanathe ali kale panja kuthamangitsa nkhuku za aneba. Mchemwali wanga ndi mphunzitsi, ndiye anandiuza za matabuleti aja a BEFIT, pulogalamu ya boma ya m'masukulu a pulayimale, okhala ndi maphunziro a bungwe la onebillion m'Chichewa, kuti ana amakhala chete akangovala mahedifoni. Ndinatenga ndalama yanga ya banki mkhonde, K185,000 yonse, ulendo wokasaka tabuleti yofanana nawo.

Ndinafunsa katatu konse: "Achimwene, Chichewa chilimodi m'menemu?" Iye amvekere, "Mayi, ndi chimodzimodzi a kusukulu aja, musadandaule." Kufika kunyumba ku Chitakale, kuyatsa, mwangodzaza nyimbo za Chingerezi ndi timagemu ta magalimoto. Nditalumikiza intaneti ya pa foni yanga, zotsatsa malonda zinayamba kutulukira pakati penipeni pa phunziro. Mwana woti ntchentche ikadutsa waiwala zomwe amachita, inu n'kumamuonetsa kagalimoto kothwanima akuwerenga manambala? Bandulo ya sabata yonse inatha madzulo amodzi.

Loweruka ndinakweranso minibasi, msewu wa Midima wonse uja mwana ali pamiyendo. Mnyamata uja sanadzutse n'komwe mutu pa foni yake. Anangoloza kapepala ka pakhoma koti katundu ukagula sabweza. Nditamukumbutsa zomwe anandilonjeza, anati, "Chichewatu azikamva kunyumba, mayi." Anzake n'kuseka. Ndinatuluka misozi ili lengelenge, mwana akundikoka chitenje kuti ndimugulire tchipisi.

Komabe ndisanamizire chipangizo. Mlamu wanga wa ku esiteti ya tiyi anachotsa magemu onse, n'kusiya pulogalamu imodzi yowerengera manambala yosafuna intaneti, kenako anatchera kuti izitseka yokha pakatha mphindi 15. Apa m'pomwe ndinayamba kuona phindu. Funso limabwera limodzilimodzi, ndipo akakhoza imamuombera m'manja nthawi yomweyo, osati kudikira aphunzitsi amalize kuchonga kalasi yonse. Dzulo wawerenga mpaka 50 osadzuka pamkeka, ngakhale kuti ndi m'Chingerezi. Ikatseka amalirabe, koma pang'ono. Ndaonanso kuti ndikakhala naye pambali zimayenda, ndikangopita kukatereka nsima amayamba kudinadina paliponse.

Batire limatha pa maola atatu, ndiye magetsi akazima mwagwa nayo. Chikuto chake cha labala n'cholimba, yagwa kawiri pa simenti osasweka. Mahedifoni munalibe m'katoni, ngakhale anajambulidwa pamwamba pake. Ndinachita kukagula padera pamsika wa Chitakale.