Miyezi 9 chimangireni mawaya a mabuleki a tirela pa Hiace yanga

Ndi mwezi wa Febuluwale uno, ndiye kuti patha miyezi 9 chimangireni mawaya aja mu Meyi pomwe mpunga umayamba kutuluka, ndipo anthu angapo amene amandiona pa Kamuzu Road ndikukoka tirela akhala akundifunsa kuti kodi zija za mabuleki a magetsi zikugwirabe? Zikugwira ndithu, koma sizinangoyenda myaa ayi, ndipo zomwe zandivutitsa sizomwe ndimaziopa poyamba.

Kwa amene simukundidziwa ntchito yanga, ndimatenga mpunga ku Lifuwu, nthawi zina ndimafika mpaka ku Nkhotakota, nkukagulitsa ku Lilongwe. Pobwera sindibwera chimanjamanja, ndimanyamula simenti kapena feteleza wa anthu kuno ku Salima. Galimoto ndi Toyota Hiace ya dizilo, ndinachotsamo mipando yakumbuyo. Tirela yo ndinagula kwa mzungu wina amene amachoka ku Senga Bay, ya ma ekiselo awiri matayala anayi, ndipo tayala lililonse lili ndi dilamu yake ya buleki. Ndiye vuto lake ndi loti mabuleki amenewa si a mafuta ngati a galimoto, komanso si aja timawadziwa oti tirela ikakankha pa chokokera amagwira okha. Mkati mwa dilamu muli maginito, ukampatsa moto amamatirira ku chitsulo cha dilamu chomwe chikuzungulira, ndiye pokokedwapo amakankha kamkono kamene kamatsegula ma shuzi. Moto wambiri buleki yamphamvu, moto wochepa buleki yofewa, basi.

Munthu woyamba amene ndinampatsa ntchito anangotenga waya wa mabuleki a tirela nkulumikiza ku waya wa nyali za buleki kumbuyo. Akuti bwana mukaponda nyali zikayaka nayo tirela igwira. Inagwiradi. Tsiku loyesa tirela ilibe kanthu ndinangogunda pedulo pang'ono matayala onse anayi anauma gwa kukhukhuluzika pa tala, fumbi kobo, ana a sukulu kuthawa, ndipo kachitatu fyuzi inapsa ndiye ndinayenda mpaka kunyumba opanda nyali za buleki osadziwa. Ndinadzamvetsa pambuyo kuti maginito mmodzi amakoka ma amp ngati 3, anayi ndiye 12, kuphatikiza mababu, kawaya kaja ndi kafyuzi kake sizinapangidwire zimenezo. Komanso nyali ya buleki siidziwa kuti waponda pang'ono kapena kwambiri, imangopereka 12 volts yonse.

Alamu anga amene amakhala ku Johannesburg ndi amene ananditumizira brake controller, yolamulira moto wopita ku mabuleki a tirela, Tekonsha Prodigy P2, kabokosi kakang'ono kokwana m'dzanja. Ili ndi mawaya anayi okha. Wakuda umapita ku positive ya batire kudzera pa circuit breaker ya 20 amp, woyera ku negative ya batire, wofiira ku switch ya pa pedulo ya buleki mbali ija imakhala ndi moto pokhapokha ukaponda, ndipo wa buluu ndi umene umayenda mpaka kumbuyo ku soketi ya tirela. Ntchitoyi anandigwirira bambo ena achikulire a zamagetsi a galimoto konkuno, ndipo iwowa anakana kugwiritsa waya wopyapyala umene ndinagula ine, anati achimwene Hiace ndi yaitali, kuonjeza tirela, moto ukafika kumeneko utatopa, kaguleni wa 6mm. Ndinadandaula mtengo wake tsiku limenelo koma lero ndimawathokoza, miyezi yonseyi waya umenewo sunatenthepo ngakhale mu Okutobala pomwe Salima imaotcha ngati ng'anjo. Anauveka paipi ya pulasitiki nkuumanga m'mbali mwa chasisi kutali ndi ekizozi, ndipo paliponse pamene ukuboola chitsulo anaika rabala.

Pa soketi ndiye panali mutu pang'ono. Soketi za ma pini 7 zimene timagula kuno, zozungulira zija, zilibe pini yoti ndi ya mabuleki. Yelo ndi indiketa ya kumanzere, girini ya kumanja, wofiira nyali za buleki, woyera earth (waya wobwererapo moto), bulauni ndi wakuda ma paki, ndipo buluu ndi wa nyali ya chifunga. Tirela yanga ilibe nyali ya chifunga ndiye pini ya buluu tinaipatsa mabuleki, ma paki onse tinawaphatikiza pa bulauni, wakuda tinausandutsa wotchajira kabatire ka pa tirela. Zikugwira bwinobwino koma ndiye kuti soketi yanga si ya wina aliyense. Mnzanga wina anabwera kudzabwereka tirela kuti akatute njerwa ndi pikapu yake ndinamukaniza, anakwiya mpaka sabata ziwiri osandiyankha moni, koma pa galimoto yake ikanakhala ilibe buleki olo pang'ono, ndipo ine sindingalole tani ndi theka iyende pa msewu wa anthu choncho.

Tsopano pa msewu. Amene mumayenda pa M14 mukudziwa kuti kupita ku Lilongwe ndi chikweza, vuto lili pobwera, kutsetsereka kuchokera cha ku Chezi ndi Mvera kutsikira kuno kunyanja. Ndisanaike kabokosika ndinatsikapo kamodzi ndi matumba 20 a simenti pa tirela opanda buleki yake, ndiye tani yathunthu imeneyo kuphatikiza kulemera kwa tirela yo, ndipo ndimamva ikundikankha kumbuyo pa kona iliyonse, pofika pansi mabuleki akutsogolo akununkha, pedulo yafewa ikulowa mkati, manja anga akunjenjemera pa chiwongolero. Ndinaima pambali ndinakhala mwina theka la ola osayankhula. Pano malo omwewo ndi katundu yemweyo ndimatsika pa giya 3, ndikaponda ndimamva tirela ikugwira limodzi ndi ine ngati munthu wakugwira malaya kumbuyo mofatsa. Kabokosika kamamva mmene galimoto ikuchepetsera liwiro ndiye kamapereka moto molingana, ukaponda pang'ono nambala pa sikirini imakwera pang'ono, ukaponda mwadzidzidzi imalumpha. Ma padi akutsogolo amene ndinaika mu Juni akadalipo, kale miyezi inayi sinkakwana.

Chimene muyenera kuzolowera ndi kusintha mphamvu. Buku lake limati uyambire pa 6.0, uyende pafupifupi 40 km pa ola pamalo osalala, ukoke kandodo kamanja ka pa kabokosipo kamene kamagwiritsa mabuleki a tirela okha, ngati matayala auma uchepetse, ngati sakugwira uonjezere mpaka afike pafupi kuuma koma osauma. Kwa ine tirela ikakhala yopanda kanthu ndimaika cha m'ma 4, ikadzadza cha m'ma 8 ndi boost yoyamba (boost imaonjezera mphamvu imene mabuleki a tirela amayambira ukangoponda). Kangapo ndinaiwala kutsitsa nditatsitsa mpunga ku Mchesi, kungoponda pa roboti matayala kwiii, ndipo tayala limodzi lili ndi chipsera mpaka lero, limagunda du du du pa tala. Pano ndinamata kapepala pa dashibodi. Kandodo kamanja kaja ndakagwiritsapo ntchito kamodzi kokha mwangozi, cha ku Benga thiraki itandidutsa mwamphamvu tirela nkuyamba kugwedeza mchira, ndinachotsa phazi pa mafuta nkukakoka pang'ono osaponda buleki ya galimoto, inaongoka nthawi yomweyo.

Mavuto enieni anabwera ndi mvula. Kumayambiriro kwa Januwale ndikuchokera ku Nkhotakota, nditangodutsa Chia, sikirini inayamba kuthwanima n.c. kutanthauza kuti sikuiona tirela, kenako c kubwerera kusonyeza kuti yaionanso, kenako n.c. kachiwiri, makamaka ndikagwera m'maenje. Ukaponda nthawi ina ikugwira nthawi ina zii. Ine maganizo anathamangira kuti kabokosi kafa, ndipo ndinali nditayamba kale kulemba meseji kwa alamu. Bambo aja atabwera sanakakhudze nkomwe kabokosi, anapita kumbuyo kukagwada m'matope nkumasula kabawuti kamodzi pa mkono wa tirela pamene waya woyera umamangidwa. Pansi pa wochala panali dzimbiri lofiira ngati dothi la katondo, waya utatsala timinga titatu tokha. Ndiye kuti kwa masabata angapo moto umabwerera kudzera pa mpira wa chokokera, pomwe pali girizi ndi mchenga, ndiye tirela ikadumpha pa bampu earth imaduka. Anapala chitsulo mpaka kuwala, kuika lagi yatsopano, kupaka girizi pamwamba, komanso anakoka waya woyera wina wonenepa kuchokera pa pulagi mpaka ku ma ekiselo onse awiri kuti tisamadalire chasisi. Kuchokera tsiku limenelo n.c. sindinaionenso. Ngati pali chinthu chimodzi chimene ndikanachita mosiyana mu Meyi ndi chimenechi, chifukwa tinasamala kwambiri waya wa buluu wopita nkuiwala kuti moto womwewo uyenera kubwerera pa waya wonenepa chimodzimodzi.

Pulagi nayo imafuna kuisamala, ma pini ake amachita zobiriwira ndi chinyezi cha kunyanja kuno. Ndimaipala ndi kasandipepa kamodzi pa mwezi nkutanula pang'ono timipata ta ma pini ndi mpeni kuti igwire zolimba, ndipo tirela ikaima pakhomo pulagi ndimaikoloweka yoyang'ana pansi mu botolo lodula.

China chinachitika sabata zitatu zapitazo, sikirini inalemba S.H. kutanthauza shoti. Msewu wa M5 mukuudziwa mmene ukhalira nyengo ino, mwala kapena nthambi inakoka waya umene umalowa kuseri kwa dilamu ya kumanzere, unasupuka nkumakhudza ekiselo. Kabokosi kanadziteteza kokha sikanapse. Poyeza ndi mita maginito aliyense amayenera kuonetsa pakati pa 3 ndi 4 ohms, onse anayi anali bwino, tinangolumikiza waya nkuuveka paipi. Mukafuna kuyesa nokha opanda mita, kwezani tayala ndi jeke, mulizungulitse ndi manja wina akoke kandodo, liyenera kuima, ndipo mukatchera khutu pa dilamu mumamva kulira kwa mmmm. Likangokhala osazungulira simungaone kanthu chifukwa maginito amafuna dilamu iziyenda.

Osaiwala kuti ma shuzi a mtundu wanga sadzikonza okha. Cha mu Seputembala ndinaona kuti ndikungoonjezera nambala koma buleki ikufookerabe, vutolo silinali la magetsi ayi, ma shuzi anali atatalikira dilamu. Kuseri kuli kabowo kotseka ndi rabala, umalowetsa sikuludiraiva nkuzunguza kagudumu ka mano mpaka tayala livute kuzungulira kenako nkubweza pang'ono. Amati uzichita zimenezi pa makilomita ngati 5,000 alionse, ine ndi maulendo anga ndiye kuti miyezi iwiri iliyonse.

Chomwe sindinakonzebe ndi kabatire ka breakaway, kaja koti tirela ikaduka pa chokokera chingwe chimasolola kapini mabuleki onse nkugwira okha. Ndinakayesa mu Disembala ndinapeza kafa, sikakusunganso moto, ndipo kunena zoona zimandisowetsa mtendere ndikamatsika ku Mvera ndikuona amayi akugulitsa zinthu m'mbali mwa msewu. Ma tcheni awiri ndimawamanga mopingasa nthawi zonse koma sizokwanira. Ndaitanitsa kena ka 12 volts kofanana ndi ka njinga yamoto, mnyamata wa pa shopu akuti kafika Lachisanu, ndipo ulendo wa simenti umene ndimayenera kupita mawa ndauza mwini wake kuti adikire mpaka Loweruka.