Kasitolo kogulitsa zipangizo zakale za kompyuta: amayesa bwino, koma ndalama imachedwa

Mwini nyumba imene ndimachita lendi kuno ku Leicester anandipempha kuti ndimuthandize kuchotsa katundu m'galaja ya malemu mchimwene wake, amene ankakonza makompyuta m'zaka za m'ma 1990, ndipo anati chimene ndingachione chaphindu nditenge, zotsalazo zikatayidwe. Pansi pa mulu wa mawaya ndinapeza hard disk ya Seagate ST-225, ma Zip drive (zowerengera madisiki osunga zambiri kuposa mafulopi) atatu a kampani ya Iomega, chowerengera mafulopi cha Commodore 1541, ndi katoni yodzaza mafulopi. Zonsezi ndinazitengera ku kasitolo kena ka m'chigawo chino kamene kamagulitsa zipangizo zakale kwa anthu okonda kuzisonkhanitsa.

Pamalopo pali njira ziwiri. Akhoza kukugulani katundu pompopompo pamtengo wotsika, kapena kumuyesa, kumujambula ndi kumugulitsa m'malo mwanu, iwo n'kutengapo gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndinasankha yachiwiriyi.

Mwini sitoloyo atangoona ST-225 sanafunse za zaka zake, koma anafunsa kuti khadi yake ili kuti. Hard disk imeneyi, imene inatuluka mu 1984 ndipo imasunga ma megabyte 20 okha, ndi ya mtundu wakale wotchedwa MFM, ndipo siigwira ntchito popanda khadi yapadera yoiyendetsa, imene imalowetsedwa m'kati mwa kompyuta. Komanso zimene zinalembedwamo kawirikawiri zimawerengeka ndi khadi ya mtundu womwewo umene unazilemba, kotero kuti kuzilekanitsa kuli ngati kugulitsa loko kiyi n'kumusiya kunyumba. Ndinabwerera kugalaja kuja ndipo khadiyo ndinaipeza m'chikwama cha pulasitiki pamodzi ndi mawaya ake awiri aphanthiphanthi. Atailumikiza ku kompyuta yakale, bamboyo anaweramitsa mutu, khutu lili pafupi ndi chitsulocho, kumvetsera mmene injini ikunyamukira. Itayamba kulira mosadukiza anatenga foni n'kujambula kanema, kenaka anayerekeza malo owonongeka amene kompyuta inapeza ndi aja olembedwa pakapepala kamene fakitale inamata pamwamba pa disikiyo. Ntchito imeneyi inatenga pafupifupi ola lathunthu, ndipo ine sindikanaitha.

Pa nkhani ya mtengo ndi pamene ndinaphunzira zambiri. Ine ndinabwera ndi chiyembekezo chachikulu chifukwa ndinali nditaona mitengo yokwera kwambiri pa msika wa pa intaneti wa eBay, koma iye anandionetsa kuti imeneyo ndi mitengo imene ogulitsa akungolakalaka, ndipo katundu wina wakhala pamenepo miyezi osagulidwa. Iye amayang'ana mndandanda wa zimene zagulidwa kale, n'kusiyanitsa zoyesedwa ndi zimene ogulitsa amalemba kuti sizinayesedwe, mawu amene ogula odziwa amawamva ngati akuti chinthucho n'chakufa. Ukale pawokha sukweza mtengo, chifukwa ST-225 inapangidwa yambirimbiri. Chimene wogula amalipira ndi umboni woti ikuzungulira lero, ndiponso kuti khadi ndi mawaya zilipo.

Ma Zip drive anawasiyanitsa malinga ndi polumikizira pake. Zipangizozi zinatchuka chapakati pa zaka za m'ma 1990 chifukwa disiki imodzi inkasunga ma megabyte 100 pamene fulopi wamba inkasunga 1.44 yokha. Ya polumikizira potchedwa SCSI anati imafunidwa ndi eni makompyuta akale a Macintosh komanso oimba amene akugwiritsabe ntchito makina akale a Akai ojambulira mawu, pamene ya polumikizira printa siikhala ndi msika wamphamvu. Yachitatu itangoyatsidwa inayamba kugogoda kuti kha, kha, kha, matenda odziwika a ma Zip amene amatha kuwononga disiki iliyonse imene mwalowetsamo. Anaizimitsa msanga ndipo anakana kuigulitsa ngati yamoyo. Anailemba kuti ndi yophwasula, ndipo ngakhale ndinataya ndalama pamenepo, kuona mtima kwakeko kunandipatsa chikhulupiriro pa zina zonse zimene ananena.

Commodore 1541 inavuta chifukwa cha kulemera, popeza thiransifoma yake ili m'kati momwemo ndipo mtengo wotumizira umadya phindu. Ambiri amene amasewerabe pa kompyuta yakale ya Commodore 64 masiku ano amagwiritsa ntchito kachipangizo ka SD2IEC, kamene kamawerenga khadi ya SD, choncho wogula 1541 amakhala munthu wofuna chenichenicho, chooneka bwino, makamaka chokhala ndi bokosi lake. Yanga inalibe bokosi ndipo pulasitiki yake inali itasanduka yachikasu. Pa mafulopi, mabokosi osatsegula anapita msanga, chifukwa Sony inasiya kuwapanga mu 2011. Ogwiritsidwa kale ntchito anakana kuwagulitsa ataona kuti pamwamba pake palembedwa mayina a makasitomala a malemuwo, ndipo anandiuza kuti ndiwabweze kwa achibale.

Zofooka zilipo ndithu. Tsiku loyamba sanandipatse lisiti mpaka nditachita kupempha, zomwe si zoyenera pamalo amene munthu ukusiya katundu wako. Ndalama ndinailandira patatha masabata asanu ndi awiri, ndipo pakati ponsepo foni yawo inkangoitana osayankhidwa. Pomaliza anadulaponso ndalama ya makatoni ndi zokutira, imene sanaitchule pachiyambi. N'zoona kuti hard disk yakale imafunika kukutidwa mosamala chifukwa kugwa kamodzi kokha kumaipha, koma akanayenera kunena tisanagwirizane.

Amene ali ndi hard disk ya MFM kapena ya SCSI, koma alibe kompyuta yakale yoiyesera, apite nayo kumeneko, ndipo gawo limene amadulalo silipweteka poyerekeza ndi mtengo umene akanaupeza poigulitsa yosayesedwa. Koma mafulopi osatsegula ndikanatha kugulitsa ndekha popanda kugawana ndi munthu. Mwini nyumba uja wanena kuti padenga patsala makatoni ena awiri, ndipo ulendo uno ndikapempha kuti zodula zonse azilembe papepala ndisanatsitse katundu m'galimoto.